Zombo zozembetsa mafuta: phunziro la ku Beira

Mu 1966 zombo zankhondo za Britain zidayamba kulondera doko la Beira kuti mafuta asafike kwa Ian Smith ku Rhodesia. Bungwe la ONU lidavomereza ulondawo, ndipo udatha mu 1975. Koma galimoto za ku Salisbury sizidaime. Mafuta adangosintha njira, nkumadzera ku Lourenço Marques ndi ku South Africa. Wotseka chipata chimodzi mpanda uli wobooka sanaletse mbuzi.

Lero nkhani ili pa Russia. Mu 2022 maiko a G7 ndi a ku Ulaya adaika malire a mtengo wa mafuta ake, madola 60 pa mgolo, nkuletsa makampani awo a inshuwalansi kuthandiza wopyola malirewo. Ozembetsa adagula zombo zakale. Zombozi zimasintha dzina ndi mbendera, zimazimitsa chipangizo cha AIS chosonyeza pamene chombo chili, ndipo zimathirana mafuta pakati pa nyanja kuti kochokera kusadziwike.

Nanga zimagwidwa bwanji? Satelayiti imajambula chombo ngakhale chitazimitsa chipangizocho. Nambala yake ya IMO sisintha ngakhale dzina lisinthe. Chikadziwika chimalowa pa mndandanda wa zoletsedwa, madoko a ku Ulaya nkuchikana.

Abale, ife zitikhudza pati? Mu 1992 chombo cha Katina P chidataya mafuta pafupi ndi Maputo, asodzi nkuvutika. Chombo chakale chopanda inshuwalansi yodalirika chikasweka chotero, adzalipira ndani? Nchifukwa chake Beira, Nacala ndi Maputo ayenera kuona mapepala a chombo chilichonse chisanakocheze.