Mapanga Awiri Avumbwitsa: Maliberal a ku America ndi Mfuti Zawo Zatsopano

Ku America kwabuka mtundu watsopano wa ogula mfuti. Ndi anthu omwe kwa zaka zambiri ankaguba m'misewu atanyamula zikwangwani zodzudzula kuchuluka kwa zida, ndipo pa chisankho chilichonse ankavotera aliyense wolonjeza kukhwimitsa malamulo a mfuti. Kumeneko amawatcha maliberal: anthu okhulupirira kuti boma lili ndi udindo woteteza ofooka, kuti tsankho lithe, kuti chipatala ndi sukulu zikhale za aliyense. Ambiri mwa iwo amavotera chipani cha Democratic. Lero ena mwa anthu omwewa akuima pamzere m'masitolo a mfuti, akulemba mafomu, n'kubwerera kunyumba ndi kabokosi kolemera. Mukawafunsa amayankha kuti maganizo awo sanasinthe, angogula chida basi. Ine ndikuti asintha, ndipo asinthira kolakwika.

Chiwerengero chake si chamasewera. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya madokotala ya Annals of Internal Medicine anapeza kuti kuyambira Januwale 2019 kufika Epulo 2021, anthu pafupifupi 7.5 miliyoni a ku America anagula mfuti kwa nthawi yoyamba. Pafupifupi theka anali akazi, ndipo mmodzi mwa asanu alionse anali wakuda. Sikuti onsewa anali maliberal, koma chithunzi chakale cha mwini mfuti, mzungu wachimuna wa kumudzi wovotera chipani cha Republican, chinayamba kufufutika. Pali magulu monga Liberal Gun Club, Socialist Rifle Association ndi Pink Pistols amene amaphunzitsa anthu otere kuombera. Mu Seputembala 2024, pa mtsutso wake ndi Donald Trump, Kamala Harris ananena poyera kuti iye ndi Tim Walz onse ali ndi mfuti. Patangopita masiku ochepa anauza Oprah Winfrey, uku akuseka, kuti wothyola nyumba yake adzalawa chipolopolo. Woimira chipani cha maliberal pa mpando wa pulezidenti akafika pokopa mavoti ndi mfuti yake, dziwani kuti mphepo yatembenuka.

Mantha awo sindikuwapeputsa. Anaona George Floyd akutsirizika pansi pa bondo la wapolisi ku Minneapolis mu Meyi 2020. Anaona chigulu cha anthu chikuthyola nyumba ya malamulo ku Washington pa 6 Januwale 2021. Akukumbukira anthu 49 ophedwa m'nyumba yovinira ya Pulse ku Orlando mu 2016, ndi anthu akuda 10 ophedwa m'sitolo ya zakudya ku Buffalo mu 2022. Chaka chomwecho ku Uvalde, m'dera la Texas, apolisi 376 anasonkhana pasukulu, koma panatha mphindi 77 asanalowe m'kalasi momwe munafera ana 19 ndi aphunzitsi awiri. Munthu woona zonsezi ali ndi chifukwa chodzifunsa kuti: ndikaimba foni usiku kubwera ndani, ndipo akabwera ateteza ine kapena aombera ine? Funsolo ndi loyenera. Yankho lomwe akulipeza m'sitolo ya mfuti ndilo labodza.

Tiyeni tifunse chinthu chimene wogulitsa sanganene pa kauntala: mfuti ya m'nyumba imapha ndani? Mu 2021, malinga ndi bungwe la boma loona zaumoyo la CDC, anthu 48,830 anafa ndi mfuti ku America. Mwa iwo, oposa 26,000 anadziombera okha. Ameneyo ndi oposa theka. Mdani yemwe mfuti imakumana naye kawirikawiri ndi mwini wake yemwe, pa usiku woipa, banja litagwedezeka, ntchito itatha kapena mowa utakwera m'mutu. Maganizo odzipha nthawi zambiri amadza ngati mvula ya mkuntho n'kupita, ndipo ambiri opulumuka amakhala ndi moyo mpaka kukalamba. Mfuti siipereka mpata umenewo: mwa anthu 10 oyesa kudzipha nayo, pafupifupi 9 amafa. David Studdert ndi anzake a pa yunivesite ya Stanford anatsata anthu oposa 26 miliyoni a ku California kwa zaka zoposa 12. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2020, zinaonetsa kuti amuna okhala ndi mfuti yaing'ono ya m'manja ankadzipha ndi mfuti pafupifupi ka 8 kuposa amuna opanda mfuti, ndipo kwa akazi kusiyanako kunali ka 35.

Tsokalo silithera pa mwini wake. Ofufuza omwewo anapezanso mu 2022 kuti anthu okhala nyumba imodzi ndi mwini mfuti ankaphedwa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi okhala m'nyumba zopanda mfuti, ndipo mwa ooomberedwa ndi okondedwa awo ambiri anali akazi. Kafukufuku uja wa ogula atsopano anasonyeza kuti ana oposa 5 miliyoni anayamba kugona m'nyumba za mfuti popanda wowafunsa. Kuyambira mu 2020, mfuti inaposa ngozi za pamsewu n'kukhala chinthu chopha ana ndi achinyamata ambiri m'dzikolo. Ndipo maliberal, amene dzina la Sandy Hook limawagwetsa misozi, akumbukire bwino nkhani yake. Mfuti yomwe inapha ana 20 ndi akuluakulu 6 pasukulu imeneyo mu Disembala 2012 inagulidwa motsata malamulo ndi mayi wa wakuphayo. Woyamba kufa m'mawa umenewo anali mayi yemweyo, pabedi pake.

Apa ndi pomwe chinyengo chikuonekera. Maliberal ndi anthu amene amanyadira kumvera ofufuza. Pa nkhani ya katemera amati timvere madokotala. Pa nkhani ya kusintha kwa nyengo amati timvere asayansi. Koma ikafika nkhani ya kabokosi kali pansi pa bedi lawo, aliyense amati ziwerengerozo ndi za anthu ena, iye ndi wosamala, anachita maphunziro, mutu wake ndi woongoka. Kodi alipo wogula mfuti amene anatuluka m'sitolo akudziona ngati wosasamala? Ngakhale chisamalirocho chili ndi msampha wake. Mfuti yokiyiridwa m'bokosi lachitsulo, zipolopolo zili kwina, ndi yotetezeka kwa mwana, koma siingathandize msanga chitseko chikathyoledwa pakati pa usiku. Mfuti yodzaza, yoikidwa pafupi ndi pilo, ndi yokonzeka kwa wakuba, komanso ndi yokonzeka kwa mwana wa zaka zisanu ndi kwa mwini wake wokwiya. Wofuna zonse ziwiri akuthamangira mapanga awiri, ndipo mvula imupeza pakati.

Oteteza khalidweli ali ndi mfundo imodzi yolemera, ndipo tisaizembe. Amati anthu akuda a ku America anapulumuka ndi mfuti pa nthawi yomwe boma linali kumbali ya owapha. N'zoona. Mu 1892 mtolankhani Ida B. Wells analangiza mabanja a anthu akuda kusunga mfuti ya Winchester, poona kuti lamulo silinkawateteza kwa magulu a azungu opachika anthu pamitengo. Robert F. Williams anasonkhanitsa anzake okhala ndi mfuti ku Monroe, m'dera la North Carolina, n'kubweza a Ku Klux Klan. Mu 1964 ku Jonesboro, m'dera la Louisiana, kunabadwa gulu la Deacons for Defense and Justice lolondera omenyera ufulu. Ngakhale Martin Luther King anapempha chilolezo choyenda ndi mfuti mu 1956 nyumba yake itaphulitsidwa ndi bomba ku Montgomery, ndipo anamukaniza.

Koma onani bwino mbiri imeneyi. A Deacons anali gulu lokhala ndi atsogoleri ndi mwambo, ambiri mwa iwo asilikali akale, ndipo ankalondera anthu oguba opanda zida amene cholinga chawo chinali kukakamiza boma kuti ligwire ntchito yake. Mfuti zawo zinkatchinjiriza ulendo wopita ku lamulo. Chomwe chinagwetsa malamulo a tsankho chinali Civil Rights Act ya 1964 ndi Voting Rights Act ya 1965, zipatso za kuguba, kunyanyala mabasi, milandu ya kukhoti ndi mavoti. King mwini wake pambuyo pake anachotsa mfuti m'nyumba mwake. Kufanizira zimenezi ndi munthu mmodzi wa mu Seattle kapena Philadelphia amene wagula mfuti, waiponya m'kabati, n'kubwerera pa foni yake, ndi kuba ulemu wa anthu amene anaika moyo wawo pachiswe limodzi. Iwo ankadziwa kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Wogula wa leroyu akuyesa kuswa nsabweyo ndi chala chimodzi, n'kumatchula mayina awo.

Nanga mfutiyo imamuteteza kwa boma limene akuliopalo? Philando Castile, bambo wakuda wogwira ntchito yodyetsa ana pasukulu ku St. Paul, anali ndi chilolezo. Pa 6 Julayi 2016 wapolisi anamuimitsa pamsewu ku Falcon Heights, m'dera la Minnesota. Castile anamuuza mwaulemu kuti ali ndi mfuti. Wapolisiyo anaombera kasanu ndi kawiri, m'galimotomo muli bwenzi lake ndi mwana wa zaka zinayi, ndipo chaka chotsatira khoti linamupeza wosalakwa. Mu Malichi 2020 ku Louisville, apolisi anathyola chitseko cha Breonna Taylor usiku. Bwenzi lake, mwini mfuti wovomerezeka, poganiza kuti ndi achifwamba, anaombera kamodzi. Apolisi anabwezera zipolopolo 32, ndipo anafa ndi Breonna. Kale mu 1967, a Black Panther atalowa ndi mfuti m'nyumba ya malamulo ya California ku Sacramento, aphungu anathamangira kukhazikitsa lamulo loletsa kuyenda ndi mfuti zodzaza poyera, ndipo Ronald Reagan analisainira. Ufulu wa mfuti ku America uli ndi khungu lake. M'manja mwa munthu amene boma limamukayikira kale, mfuti imangopatsa womuombera chowiringula nacho kukhoti.

Tsono tibwere ku bodza lalikulu lija, loti kugula si ndale. Patatha sabata imodzi ana a ku Sandy Hook ataphedwa, Wayne LaPierre wa bungwe la National Rifle Association anauza dziko kuti choimitsa munthu woipa wa mfuti ndi munthu wabwino wa mfuti basi. Maliberal ananyansidwa nawo mawuwo. Lero amene akugula mfuti akuwavomereza ndi ndalama zawo. Aiwala kuti ku Buffalo kunali munthu wabwino wa mfuti, mlonda Aaron Salter, wapolisi wopuma pantchito. Anaombera wakuphayo, chipolopolo chinatsakamira m'chovala chotchinga zipolopolo, ndipo Salter anaphedwa. Ndalama za ogula atsopanowa zikupita ku makampani amene lamulo la 2005 linawatchinjiriza ku milandu yambiri ya ofedwa. Palinso china chobisika. Pa mlandu wa Heller mu 2008, Khoti Lalikulu linagamula kuti munthu payekha ali ndi ufulu wosunga mfuti, ndipo linati zida zotetezedwa ndi zimene anthu wamba amazigwiritsa ntchito mofala. Choncho mfuti iliyonse yogulidwa ikuwonjezera umboni wa maloya amene akugwetsa malamulo omwe maliberal anawavotera. Dzanja lamanja likuponya voti, lamanzere likuifafaniza.

Chikanakhala kuti mfuti zimabala mtendere, America ikanakhala dziko labata kuposa onse. Bungwe la Small Arms Survey linayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba kumeneko anali ndi mfuti 393 miliyoni, zochuluka kuposa anthu eni ake. Mayiko ena anasankha njira ina. Mu 1996 munthu wina atapha anthu 35 ku Port Arthur, boma la Australia la John Howard, yemwe sanali wa kumanzere m'pang'ono pomwe, linaletsa mitundu ina ya mfuti n'kugula pafupifupi 650,000 kwa eni ake kuti ziphwanyidwe. Chaka chomwecho ana 16 ndi mphunzitsi wawo anaphedwa ku Dunblane, ndipo chaka chotsatira Britain inaletsa pafupifupi mfuti zonse zazing'ono za m'manja. Anthu a m'mayiko amenewa nawonso anali ndi mantha, koma mantha awowo anawatengera ku nyumba ya malamulo.

Chiphunzitso chonse cha maliberal chimaima pa mfundo yoti chitetezo, monga msewu kapena madzi, ndi katundu wa onse, womangidwa ndi onse. Wogula mfuti chifukwa cha mantha wasaina kalata yosiya ntchito yomanga imeneyo. Wavomereza kuti aliyense adzionere yekha, ndipo amene alibe ndalama yogulira mfuti, nkhalamba, mwana wa m'kalasi, aone chochita. Ngati apolisi sabwera kapena amabwera kudzapha, ntchito ndi kuwasintha apolisiwo, kudziwana ndi anansi, kulembetsa ovota, kuima pa makhonsolo ndi kupita kukhoti. Ndi ntchito yochedwa ndi yotopetsa, ndipo siikwana m'kabokosi.

Amene wagula kale, aikiyire, zipolopolo aziike kwina, auze onse a m'nyumba mwake, ndipo tsiku limene mtima wake kapena wa wina m'nyumbamo walemera, aichotse pakhomo. Avotere malamulo omwe adzamange iye yemwe. Koma asiye kutiuza kuti palibe chasintha. Anzake a National Rifle Association, amene akhala akumulalikira kwa zaka makumi, akudziwa bwino kuti wabatizidwa.