Ulalo wogwedera: chizungulire chimachokera kuti?

Ku Kandewe m'boma la Rumphi kuli ulalo wansungwi wolendewera pamtsinje wa South Rukuru umene alendo amapita kukauona. Ukangoupondako umagwedera. Ku Northern Ireland nakonso anthu amalipira kuti awoloke mlatho wazingwe wa Carrick-a-Rede, womwe uli mamita pafupifupi 30 kuchokera pamadzi. Amenewo mantha amachita kugula. Ife kuno ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka timawapeza ulele dzinja likafika, mitsinje ya Namikokwe, Nadzipulu ndi Livulezi itadzaza madzi ochokera kumapiri, mwana wasukulu akuwoloka paulalo wa mitengo yoterera.

Kuti munthu aime osagwa, ubongo umadalira maso, tiziwalo tam'kati mwa khutu, ndi mapazi. Paulalo wogwedera zitatuzi zimasemphana. Mapazi akumva kuti pansi pakusuntha, maso akuona madzi akuthamanga ndiye akunamiza ubongo kuti thupi likupita mbali inayo. Chizungulire chimayambira pamenepo. Mtima umagunda kwambiri, m'manja mumatuluka thukuta, miyendo imanjenjemera. Si ulesi kapena kulodzedwa, ndipo kumukalipira mwana amene wauma pakati paulalo kumangowonjezera vuto. Muuzeni ayang'ane mtengo kapena munthu amene ali kutsidya, osati madzi.

Kusiyana kwake n'kwakuti mlendo ali ndi pogwira ndipo saumirizidwa kuwoloka. Mayi wobereka mwana, thumba la mgaiwa lili pamutu, manja onse ali pantchito. Ndibwino kuwoloka kawiri, katundu payekha, mwana payekha. Wodwala khunyu kapena woledzera asawoloke yekha. Amayi oyembekezera amene masiku ayandikira apite msanga kuchidikiro mitsinje isanadzaze, chifukwa matenda akayamba usiku palibe ulalo wabwino.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi m'chaka cha 2021, ndipo ana aang'ono ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Wina akagwera, mponyereni chingwe kapena nsungwi m'malo molumphiramo. Mukamuvuula musamuzondotse kapena kumufinya pamimba kuti asanze madzi, nthawi imangotha. Ngati sakupuma, muuzireni mpweya m'kamwa ndi kumudinikiza pachifuwa. Ngati akupuma, mugonekeni cham'mbali, muvuleni zonyowa, mumufunditse. Ngakhale atadzuka n'kumalankhula, ngati akutsokomola kapena kubanika pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, poti mapapo amene alowa madzi amatha kuyamba kuvuta patadutsa maola angapo.