NTHANO ZA MAKONO: KODI ZIKUTI CIANI ZA MULUNGU?



M'mabanja ambiri acikristu mwabuka mkangano umene agogo athu sanaudziwe. Mwana ali duu pa foni kapena pa wailesi ya kanema, akupenyerera zinjoka zolabvula moto, asing'anga a ndodo zamatsenga, ndi zombo zouluka pakati pa nyenyezi. Kholo lina limalanda foniyo nthawi yomweyo ndi kunena kuti zonsezi ndi za Satana. Kholo lina limangoti, "Ndi masewera cabe, mlekeni." Onse awiri asiya funso lalikulu: kodi nthanoyo ikumuuza ciani mwanayo za Mulungu?

Nthano yopeka payokha si chimo. Tonsefe tinaleredwa ndi nthano za Kalulu ndi Fisi, ndipo palibe anaganiza kuti ambuya ake akumnamiza. M'buku la Oweruza, mutu 9, Yotamu akusimba za mitengo imene inapita kukafuna mfumu. Mitengo yobala zipatso inakana, koma citsamba caminga cinabvomera. Mitengo siilankhula, komabe Yotamu ananena zoona za mfumu yoipa. Cotero tiyeni tione nthano zitatu zochuka, ndi nkhope imene iliyonse yapatsa cipembedzo.

Yoyamba ndi Dune, buku limene Frank Herbert wa ku America anatulutsa mu 1965, ndipo linaonekanso pa kanema mu 2021 ndi 2024. M'menemo gulu la akazi lochedwa Bene Gesserit limafesa maulosi opeka m'maiko akutali, kuti munthu wao akadzafika kumeneko adzalandiridwe bwino. Mnyamata Paul Atreides afika ku dziko lacipululu la Arrakis, adzibveka maulosi aja ngati malaya, ndipo anthu amtsata ngati mpulumutsi mpaka ku nkhondo yopha anthu osawerengeka. Tisafulumire kukwiya, pakuti cenjezoli ndi loona. Kodi kuno kwathu sitinaone aneneri ogulitsa mafuta ndi madzi kwa amai osauka? Bvuto ndi lakuti m'nthanoyi Mulungu samveka konse, amveka ndi anthu ocenjera okha. Mwana wopenyerera yekha angathe kuganiza kuti kuseri kwa guwa lililonse kuli tambwali. Mwanayo akumbutsidwe kuti Ambuye Yesu, atadyetsa khamu la anthu, anathawira ku phiri pamene anafuna kumlonga ufumu. Mpando umene Paul anaulandira, Yesu anaukana.

Yaciwiri ndi Star Wars, imene George Lucas anayamba kuonetsa mu 1977. Apa cipembedzo cikuoneka mwaulemu. Ankhondo ochedwa Jedi amabvala mikanjo ngati amonke, amadziletsa, ndipo amateteza ofooka. Muli zokoma zambiri: mwana akana kupha atate ake oipa, Darth Vader, ndipo atatewo atembenuka mtima asanafe. Nthanoyi inakondedwa kwambiri kotero kuti pa kalembera wa 2001 ku England ndi Wales anthu pafupifupi 390,000 analemba kuti cipembedzo cao ndi Jedi, ngakhale ambiri anacita izi mwanthabwala.

Koma cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Cimene a Jedi amadalira ndi mphamvu yochedwa Force. Mphamvuyi ili ndi mbali yowala ndi mbali yamdima, ndipo wabwino ndi woipa onse amatunga pa citsime cimodzi. Ilibe nkhope. Siimva pemphero, siikhululuka macimo, siiitana munthu ndi dzina lake. Munthu amangophunzira kuigwiritsa nchito monga ticitira ndi magetsi. Ganizo limeneli si lacilendo kwa ife: ndi lomwe lija la cithumwa, la mphini ndi la kukhwima. Ndilo linali mumtima mwa Simoni wamatsenga wa ku Samariya, amene pa Nchito za Apostoli, mutu 8, anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu yopatsa Mzimu Woyera, Petulo nam'dzudzula kolimba. Ndipo tisaloze ana okha. Mkristu amene amapacika kolona m'khosi koma osaipemphera, kapena kuwaza madzi odalitsidwa pakhomo pamene akukana kuyanjana ndi mbale wake, nayenso wasandutsa Mulungu kukhala mankhwala.

Yacitatu ndi The Lord of the Rings, ya J.R.R. Tolkien, imene inatuluka mu 1954 ndi 1955, ndipo pa kanema kuyambira 2001 mpaka 2003. Tolkien anabadwira ku Bloemfontein mu 1892. Mai ake atalowa Eklezia Katolika, acibale anawataya, ndipo anamwalira ali osauka mu 1904. Mwana wamasiyeyo analeredwa ndi wansembe, Bambo Francis Morgan, ndipo pambuyo pake mwana wake woyamba anadzakhalanso wansembe. Codabwitsa ndi cakuti m'buku la Mkatolika wolimba cotereyu mulibe chalichi, mulibe wansembe, ngakhale dzina la Yesu mulibe. Komabe mu 1953 iye mwini analembera bwenzi lake la m'cipani ca Ajezuiti kuti bukuli ndi lacikatolika kuyambira ku mizu. Nanga cikhulupiriro cabisala pati?

Cabisala m'mene nkhaniyo ithera. Pali mphete yopatsa mphamvu zolamulira dziko lonse. Anzeru onse akana kuigwira, podziwa kuti ngakhale wofuna zabwino idzamuononga. Imasenzedwa ndi kamunthu konyozeka, Frodo, kuti kakaiponye m'phiri la moto. Panjira Frodo akumana ndi Gollum, colengedwa comvetsa cisoni cimene mphete ija inacisandutsa kapolo. Mpata womupha unalipo, koma Frodo anamcitira cifundo. Atafika pakamwa pa moto, Frodo mwiniwake agonja, akana kutaya mphete ndi kunena kuti ndi yake. Pomwepo Gollum amlumpha, amluma cala, alanda mphete, ndipo pobvina ndi cimwemwe aterereka nagwa nayo m'moto. Dziko lipulumuka cifukwa ca cifundo cimene cinacitidwa kale, pamene cinkaoneka ngati kupusa.

Ameneyu ndi katekisimu weniweni. Munthu ayenera kuyesetsa mpaka mphamvu zake zitatha, koma wotsiriza nchito ndi Wina, ndipo ici ndico timacicha caulere ca Mulungu. Tolkien anaika kugwa kwa mpheteyo pa 25 March, tsiku limene Eklezia imakumbukira mngelo Gabriel akudza kwa Maria, namwali wosauka wa ku Nazarete.

Tsono taonani, abale: nthano imene ili ndi mikanjo ndi akacisi ingathe kukhala kutali ndi Uthenga Wabwino, pamene ina yosachula Mulungu ngakhale kamodzi ili pafupi nawo. Kuwerenga ziwanda ndi ndodo zamatsenga zimene zaoneka pa kanema sikutithandiza kuweruza bwino. Inde, alipo mafilimu a nkhanza ndi zonyansa amene sayenera ana aang'ono, ndipo pamenepo kholo likane mosanyengerera. Koma pa enawo, khalani pansi mupenyerere pamodzi ndi mwana wanu. Ikatha filimu mufunseni: "Mwananga, anthu aja anapulumuka bwanji? Anacita kulanda mphamvu, kapena analandira thandizo? Wopambana uja anakhululukira ndani, ndipo anagwadira ndani?" Mlekeni ayankhe, ngakhale ayankhe mokhota. Mmera mpoyamba: mwana amene waphunzira kufunsa mafunso otere pakhomo adzawafunsanso tsiku limene mneneri wonyenga adzamlonjeza cuma ndi mphamvu.

Nkhaniyi mukaikambirane ku mphakati mwezi uno, ndipo acinyamata muwapatse mpata woyamba kulankhula, pakuti nthanozi amazidziwa kuposa ife. Ambuye adalitse mabanja anu.