Yoga Si Ulesi kwa Mayi Woyembekezera

Anzanga, pa tchuthi chapitachi ndinapeza alamu anga, amene ali ndi pakati pa miyezi 6, atakhala pamphasa, atatsinzina, akupuma pang'onopang'ono. Agogo anati ndi ulesi chabe, pakuti iwo ankasinja ndi kutunga madzi kufikira tsiku lochira. Agogo ndiwalemekeza, koma pamenepa ndisiyana nawo maganizo.

Zimene alamuwo ankachita zimatchedwa yoga, ndipo zinachokera ku India. Kusinja kumatopetsa msana, koma yoga imaupumitsa. Mayi akamatambasula ziwalo mofatsa, kuwawa kwa msana kumachepa, tulo timabwera, ndipo mtima umakhala m'malo. Amaphunziranso kupuma bwino, chimene chidzamthandiza pa nthawi yobereka. Mu 2020 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi woyembekezera wathanzi azilimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata.

Komatu pafunika nzeru. Ayambe wafunsa anamwino kusikelo. Asagone chafufumimba, ndipo mimba ikakula asagone chagada nthawi yaitali. Yoga silowa m'malo mwa chipatala.

Tsono tikapita kwathu tisawaseke amayi otere. Tiwasenzere ndowa ya madzi, kuti apeze kanthawi koyala mphasa.