Pempho: Ana amasiye tiwathandize ali pakati pa abale awo

Makolo, atsogoleri a mipingo, achinyamata ndi abale athu nonse, kuno kumudzi ndi inu muli kunja,

Ife olemba pempholi ndife gulu la makolo, aphunzitsi ndi anthu osamalira ana m'madera. Tchuthi chikamayandikira timamva za maulendo akukonzedwa. Achinyamata athu amene akuphunzira kapena kugwira ntchito ku Britain, ku Ireland ndi ku South Africa amalembetsa kukagwira ntchito yongodzipereka ku Nepal, ku Cambodia kapena ku Uganda. Ena amasonkhanitsa anzawo a kutchalitchi n'kubwera nawo kwathu kuno. Ambiri mwa maulendo amenewa amakathera kunyumba zosungira ana amasiye. Mtima wa oyendawa sitikuukayikira, ndi wachifundo. Komabe tikukupemphani kuti ulendo wotere muusinthe, chifukwa ukupweteka ana omwewo amene mukufuna kuwapulumutsa.

Ana ambiri okhala m'nyumbazi si amasiye. Mabungwe monga Save the Children ndi Lumos akhala akunena kuti pafupifupi ana 8 mwa 10 alionse osungidwa m'malo otere padziko lapansi ali ndi kholo lamoyo. Chimawafikitsa kumeneko ndi umphawi, ulumali, kapena lonjezo loti akaphunzira sukulu. Tonse tikukumbukira mwana amene woimba Madonna anamutenga ku Mchinji mu 2006. Mayi ake anali atamwalira, koma bambo ake anali moyo, ndipo anamusiya kumalo osungira ana chifukwa chosowa chomulerera. Bambo wotere akanapeza mkaka, mankhwala ndi womugwira dzanja, kodi mwanayo akanachoka pamudzi?

Alendo akachuluka, nyumbazi nazo zimachuluka. Ku Cambodia chiwerengero chake chinakwera ndi 75 peresenti pakati pa 2005 ndi 2010, zaka zomwe anthu okaona malo ankakhamukira m'dzikomo. Ku Nepal zambiri zili ku Kathmandu, ku Pokhara ndi ku Chitwan, komwe kumafika alendo, pomwe ana ake amachokera kumidzi ya kutali m'mapiri. Njira yake ndi yosavuta kuimvetsa. Mlendo amalipira kuti akhale milungu ingapo, ndipo akabwerera amatumizabe ndalama. Mwini nyumba amafuna mabedi akhale odzaza kuti ndalamazo zisaleke kubwera, choncho amatuma anthu kumidzi kukanyengerera makolo osauka. Ana ena amawavinitsa pamaso pa alendo, ena amawauza kuti azinena kuti alibe makolo. N'chifukwa chake mu 2018 dziko la Australia linakhala loyamba kuona mchitidwe wotengera ana kumalo otere pofuna phindu ngati ukapolo wamakono, ndipo mu 2019 msonkhano waukulu wa United Nations unapempha maiko kuti athane ndi mavuto obwera ndi ntchito yongodzipereka m'nyumbazi.

Sitikunena kuti aliyense woyendetsa nyumba ya ana ndi wakuba. Tikudziwa masisitere, abusa ndi amayi amene anapereka moyo wawo wonse pa ntchitoyi, makamaka m'zaka zomwe Edzi inkatha mabanja. Koma ngakhale pamalo oyendetsedwa mwachilungamo, vuto limodzi silichoka. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mwana wazaka 3 amene wazolowera kunyamulidwa ndi munthu kwa milungu iwiri sadziwa zoti munthuyo ali ndi tikiti ya ndege m'chikwama. Amangodzuka m'mawa wina n'kupeza wapita. Mwezi wamawa kubwera wina, nayenso n'kupita. Mukaona mwana akuthamangira mlendo amene sanamuonepo n'kumukakamira m'miyendo, musati ndi wansangala. Akufunafuna munthu woti akhale wake. Kafukufuku amene anayamba ku Bucharest, m'dziko la Romania, mu 2000 anasonyeza kuti ana okulira m'nyumba zotere amatsalira m'mbuyo pa nzeru ndi pa kakhalidwe, ndipo amene anapezeredwa mabanja asanakwanitse zaka 2 ndi amene anachira bwino.

Palinso nkhani ya chitetezo. Ku Britain munthu sangayambe ntchito pasukulu ya ana asanafufuzidwe mbiri yake. Nanga bwanji ana a ku Pokhara kapena a ku Mangochi azitsekulidwira khomo aliyense amene walipira? Ogwirira ana amadziwa bwino malo amene safunsa mafunso. Zithunzi nazo tisamale nazo. Nkhope ya mwana ikaikidwa pa Facebook pamodzi ndi mbiri ya matenda a makolo ake, idzamutsata mpaka atakula, iye asanavomereze.

Njira ina ilipo, ndipo si yachilendo kwa ife. Kuyambira kale mwana wamasiye amatengedwa ndi agogo, azakhali kapena amalume. Chimene chafooka ndi thumba la abalewo, osati mtima wawo. Dziko la Rwanda linayamba kutseka nyumba zosungira ana mu 2012 n'kumabwezera ana kwa abale kapena kuwapezera mabanja owalera. Kuno kwathu lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka njira yolerera mwana m'banja lina, ndipo ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, imapereka ndalama kumabanja ovutikitsitsa, ambiri mwa iwo osunga ana amasiye. M'sukulu za mkombaphala alezi amagwira ntchito, ambiri osalandira kanthu, ndipo phala likasowa ana amaleka kubwera. Ndalama ya tikiti imodzi yochokera ku London ingagule ufa wa phala wochuluka, mayunifolomu, makope ndi feteleza wa agogo amene akulera adzukulu asanu.

Ngati mtima uli paulendo, pitani, koma mupite ndi luso limene muli nalo. Namwino akathandize anamwino anzake, mphunzitsi akakhale pansi ndi aphunzitsi, wodziwa kuwerengera ndalama akakonze mabuku a bungwe la m'dera. Kulera ndi kusambitsa ana muwasiyire anthu amene adzakhalepo inu mutachoka. Musanalipire, funsani bungwe lokutumizani ngati limafuna kalata ya kupolisi, ngati ana amene limawathandiza amagona kwawo, ndiponso kuti ndi ana angati amene lawabwezera kwa abale chaka chathachi. Likamazemba mafunsowa, sungani ndalama zanu.

Inu a mipingo ndi magulu a kunja amene mukuthandiza kale nyumba ya ana, musadule thandizo mwadzidzidzi, ana angagone ndi njala. Kambiranani ndi oyendetsa nyumbayo pamodzi ndi ofesi ya Social Welfare ya pa boma kuti gawo la ndalama zanu liyambe kupita kofufuza abale a ana, kokonzekeretsa mabanjawo, ndi kowayendera mwana akabwerera. Ndipo ife a kuno, mafumu ndi makomiti a m'midzi, munthu akabwera kudzapempha ana ati akawasunge kutauni, tifunse chikalata cha boma. Tikakayikira, tiimbe foni yaulere ya 116 kapena tikanene kupolisi mwanayo asanakwere galimoto.