Mabuku a Chingerezi Atuluke M'makabati

Aphunzitsi onse akudziwa kuti wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. N'chifukwa chake tili odandaula ndi chizolowezi chimene chazika mizu m'sukulu zina: mayeso a MANEB akayandikira, ana amapatsidwa mndandanda wa mawu ovuta kuti aloweze pamtima ngati nyimbo.

Mawu oloweza chotere sathandiza polemba. Taonani, ife timati "ndibwerekeni cholembera", timatinso "ndabwereka cholembera", mneni ndi yemweyo. Chingerezi chimasiyanitsa "lend" ndi "borrow". Mwana angathe kuloweza matanthauzo onse awiri, koma pachimangirizo adzalembabe "borrow me", pokhapokha atakumana ndi mawuwo kambirimbiri m'ziganizo za m'mabuku.

Nanga mabukuwo ali kuti? Kwina anatsekeredwa m'kabati ya mphunzitsi wamkulu poopa kuti angang'ambike, chiswe n'kumadyerera. Tikupempha alangizi a zamaphunziro kuti poyendera sukulu aziitanitsa kaundula wobwereketsa mabuku, aone ngati muli mayina a ana a Folomu 1. Ndipo mphunzitsi asadzudzulidwe chifukwa buku lathera m'manja mwa ana.