Kolona ya Agogo ndi Mawu Oti "Kupembedza"

Agogo anga aakazi, mayi awo a atate, anamwalira chaka chatha kumudzi kwathu kufupi ndi Thondwe. Anali Mkatolika wa kumphakati, ndipo asanatsikire kulichete anapempha kuti adzawaike m'manda atagwira kolona yawo. Tikukonzekera kutseka bokosi, azakhali anga, amene anachoka ku Katolika n'kulowa mpingo wina wa Chipentekoste, anaichotsa kolonayo m'manja mwa malemuwo. "Mayi anga sangapite kwa Mulungu atanyamula fano," anatero. Atate anapsa mtima pamaso pa anthu. Mwinimbumba ndiye analamula kuti kolona ibwezedwe, koma kuchokera tsiku limenelo atate ndi mlongo wawoyo amangopatsana moni wa pamsewu.

Ine ndine Mkatolika, ndipo sindibisa kuti azakhali analakwa kuphwanya pempho la munthu womwalira. Koma pokhala wophunzira za chiyankhulo pano pa Chirunga, chimene chinandivutitsa kwambiri ndi chakuti anthu awiriwa anakangana usiku wonse pa mawu amodzi amene aliyense ankawamva mosiyana. Azakhali ankati Akatolika amapembedza Maria. Atate ankati sitimupembedza, timangomulemekeza. Palibe amene anafunsa kuti kodi mawu oti "kupembedza" amatanthauza chiyani.

M'Chichewa mawuwa ndi otakata. Timapembedza Mulungu, inde. Koma mwana akakana kudya timamupembedzanso, ndipo mnzako akamanyada umamuuza kuti, "Sindingakupembedze iwe." Apa kupembedza ndi kuchonderera kapena kunyengerera. Choncho gogo wa kumudzi akafunsidwa ngati amapembedza Maria n'kuvomera, mwina akunena zoona m'tanthauzo lachiwirili, pamene wofunsayo wamva tanthauzo loyamba ndipo wapeza kale umboni wa mlandu.

Vutoli silinayambire ku Zomba. Pa msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea m'chaka cha 787, maepiskopi anakhala pansi chifukwa Akhristu a kum'mawa anali ataphwanyirana zithunzi m'matchalitchi kwa zaka zambiri. Iwo anasiyanitsa ulemu umene munthu angapereke kwa chithunzi kapena kwa oyera, ndi chipembedzo chenicheni, chimene m'Chigiriki amati latreia, choyenera Mulungu yekha. Anaphunzitsanso kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapita kwa mwini chithunzicho. Ichi ndicho chiphunzitso cha Mpingo wa Katolika mpaka lero, ndipo n'chifukwa chake m'mapemphero athu timapempha Maria kuti atipempherere, monga momwe azakhali amapemphera abusa awo kuti awapempherere.

Koma ndingakhale wachinyengo nditaimira pomwepa. John Calvin, amene maganizo ake anafika kuno kudzera mwa amishoni a ku Scotland amene anatsegula Blantyre mu 1876 ndi Domasi mu 1884, ankakudziwa bwino kusiyanitsa kumeneku ndipo anakukana. Kwa iye kunali kusewera ndi mawu chabe, popeza bondo logwadira fano ndi lomwelo logwadira Mulungu. Mfundo imeneyi siyopepuka. Kwerani minibasi yochoka pa depoti ya Zomba kupita ku Limbe, muone kolona zolendewera pagalasi la madalaivala ena amene sadziwa n'komwe mapemphero ake. Kwa iwo kolona yasanduka chithumwa choteteza ku ngozi. Katekisimu wathu amaletsa zimenezi, koma zikuchitika, ndipo azakhali ali ndi maso. Ife Akatolika timafulumira kudandaula kuti anzathu satimvetsa, pamene ena mwa ife tikuchita ndendende zimene iwo amatinenera.

Chimene ndimakhulupirira ndi chakuti kusiyana kwenikweni pakati pa atate ndi azakhali pa maliro aja sikunali pa mikanda ya kolona ayi. Kunali pa funso lakuti kodi amoyo angathe kupempherera akufa, komanso ngati oyera amene anafa amamva zopempha zathu. Apa palibe mtanthauziramawu amene angatithandize, chifukwa ngakhale mabuku athu ndi osiyana. Baibulo la Akatolika lili ndi mabuku 73, la Apulotesitanti lili ndi 66. Msonkhano wa ku Trent unatsimikiza mndandanda wa Akatolika mu 1546, poyankha Martin Luther ndi anzake amene sankawerengera mabuku asanu ndi awiri enawo ngati Malembo. Mwa mabuku amenewa muli buku lachiwiri la Amakabeo, limene pa mutu 12 limakamba za kupereka nsembe chifukwa cha asilikali ophedwa pankhondo. Atate akamapereka Misa ya agogo amayimira pamenepo. Azakhali akatsegula Baibulo lawo, tsamba limenelo mulibe. Kuwonjezera apo, pali ziphunzitso ziwiri zokhudza Maria zimene apapa analengeza mochedwa: mu 1854 chakuti anabadwa wopanda tchimo lobadwa nalo, ndi mu 1950 chakuti anatengedwa kumwamba ndi thupi lomwe. Mpulotesitanti akafunsa vesi yake, yankho loona ndi lakuti Mkatolika amadalira Malembo pamodzi ndi mwambo wa Mpingo. Iyeyo amati Malembo okha. Uwu ndiwo muzu wa mkangano, ndipo wakhalapo zaka zoposa 500.

Ena anganene kuti kufukula zimenezi n'kukolezera moto, ndipo kuli bwino kungoti Mulungu ndi mmodzi. Ine ndikukana. Mawu otere ndi amene atisiya osadziwa chimene mnzathu amakhulupirira, mpaka tidzadzidzimuke pa bokosi la maliro. Mbiri ya Baibulo la Chichewa ikuonetsa njira ina. Apulotesitanti anali ndi Buku Lopatulika kuyambira 1922, Akatolika n'kutulutsa lawo, Malembo Oyera, mu 1966. Limodzi linkati Yehova, linalo Yahve. Pamene akatswiri a mbali zonse ziwiri anakhala pa tebulo limodzi n'kutulutsa Buku Loyera mu 1998, anagwirizana pa dzina lakuti Chauta, lochokera m'chiyankhulo chathu chomwe. Sanagwirizane pa chiwerengero cha mabuku, ndipo sananamizire kuti agwirizana. Anathetsa zimene zinali za mawu, zinazo n'kuzisiya poyera kuti aliyense azione.

Zomba ndi tawuni yaing'ono, koma muli seminale yaikulu ya St Peter's yosula ansembe komanso koleji yosula abusa a CCAP. Anthu odziwa kufotokoza zinthu zimenezi sakusowa. Chosowa ndi kuzitsitsira kumphakati ndi kumapemphero a m'nyumba, m'Chichewa chomveka, kuti katekisiti asamangoti "timalemekeza" ngati wathetsa nkhani, ndiponso mlaliki asamatchule fano chinthu chilichonse chimene sanachifunse tanthauzo.

Chaka chino tikumanga chiliza cha agogo. Atate apereka kale ku parishi dzina lawo kuti kudzakhale Misa yopempherera mzimu wawo. Azakhali atumiza ndalama za matumba awiri a simenti, ndi uthenga wakuti ku Misako sabwera, tikawapeza kumanda.